Tchati cha mantha a umbanda pa mayeso a IELTS: momwe mungachifotokozere m'mphindi 20

Pepala lolemba la mayeso a Chingerezi a IELTS Academic limatenga ola limodzi ndipo lili ndi magawo awiri. Pa gawo loyamba, lomwe amalitcha Task 1, amakupatsani chithunzi cha ziwerengero, kaya ndi mizati, mizere yokwera ndi kutsika, tebulo, mapu kapena ndondomeko ya kapangidwe ka chinthu, n'kukuuzani kuti muchifotokoze m'mawu osachepera 150. Nthawi yomwe amalangiza ndi mphindi 20. Gawo lachiwiri ndi chimangirizo cha mawu osachepera 250, ndipo malikisi ake amalemera kawiri kuposa a gawo loyamba. Amene akulemba General Training asadzivute ndi matchati, iwo pa Task 1 amalemba kalata. Koma ofuna malo ku mayunivesite akunja amalemba Academic, chimodzimodzinso anamwino ofuna kulembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba ku Britain, kudzera pa IELTS. Malikisi a IELTS amathera pa 9, ndipo a NMC amafuna 6.5 pa kulemba ndi 7 pa mapepala ena atatu, a kumvetsera, kuwerenga ndi kulankhula, kotero gawo laling'onoli si lotayirira.

Pano titenga mutu umodzi umene umapunthwitsa ngakhale odziwa bwino Chingerezi: tchati chosonyeza mantha omwe anthu amakhala nawo pa umbanda. Chimaoneka chophweka, koma chili ndi misampha ingapo, ndipo yambiri mwa misamphayi siikhudza galamala ayi. Imakhudza kawerengedwe ka tchaticho.

Tchati choyesererapo

Tiyerekeze kuti funso lalembedwa motere: *The chart below shows the percentage of men and women in a European city who were very worried about different types of crime in 2018. Summarise the information by selecting and reporting the main features, and make comparisons where relevant.* Chiganizo chachiwiricho sichisintha, chimabwera pa Task 1 ya Academic nthawi zonse. Chikukuuzani zinthu zitatu: sankhani, nenani zikuluzikulu, yerekezani.

Pansi pake pali tchati cha mizati, chomwe pa mayeso amati bar chart. Manambala otsatirawa tangowapeka kuti tiyesererepo, sanachokere ku kafukufuku aliyense.

Online fraud, kuberedwa ndalama mwachinyengo pa intaneti: amuna 24%, akazi 22%
Burglary, kuthyoleredwa nyumba: amuna 13%, akazi 16%
Car theft, kuberedwa galimoto: amuna 15%, akazi 10%
Mugging, kulandidwa katundu ndi achifwamba pamsewu: amuna 8%, akazi 19%
Physical attack, kumenyedwa: amuna 7%, akazi 21%

Choyamba: mphindi zitatu zowerenga basi

Musayambe kulemba. Dzifunseni mafunso anayi: akuyeza chiyani, pa anthu ati, ndi muyeso wanji, chaka chiti. Atatu omalizawo amayankhika msanga: amuna ndi akazi a mumzinda umodzi, maperesenti, 2018. Loyambalo ndi limene limagwetsa anthu.

Tchatichi sichikunena za umbanda umene unachitika. Chikunena zomwe anthu anayankha atafunsidwa ngati ali ndi nkhawa. Munthu wothamanga amalemba kuti *15% of men had their cars stolen*, kapena *car theft was higher among men*, ndipo apo wanena kuti magalimoto anabedwa, pomwe tchati sichinanene kuti galimoto ngakhale imodzi inasowa. Cholondola n'chakuti *15% of men were very worried about car theft*. Mukalakwitsa pamenepa, ndiye kuti manambala onse khumi mwawanamizira, ndipo Chingerezi chanu ngakhale chitasalala bwanji sichingakupulumutseni, chifukwa wochonga amayamba waona ngati zomwe mwalembazo ndi zomwe zili pa pepala.

Mantha ndi ngozi yeniyeni ndi zinthu ziwiri zosiyana ndithu. Ofufuza za umbanda anaona kalekale kuti anyamata ndi amene amavulazidwa kwambiri pa ziwawa za m'misewu, koma amene amati akuopa kwambiri kuyenda okha usiku ndi akazi, makamaka achikulire. N'chifukwa chake nambala ya oopa singalowe m'malo mwa nambala ya ochitiridwa.

Msampha wachiwiri uli pa mawu akuti *very worried*. Mafunso amtunduwu amafanana ndi a kafukufuku wa ku Britain wotchedwa Crime Survey for England and Wales, amene anayamba mu 1982 ndi dzina la British Crime Survey n'kusintha dzina mu 2012. Kumeneko wofunsidwa amasankha pa mayankho anayi: *very worried*, *fairly worried*, *not very worried* ndi *not at all worried*. Ngati tchati chikusonyeza yankho loyamba lokha, enawo sakuonekapo. Ndiye musachotse 24 pa 100 n'kulemba kuti amuna 76 pa 100 alionse analibe nkhawa. Ena mwa iwo mwina anali nayo yochepa, inu simukudziwa, ndipo zomwe simukuziona musazilembe.

Wachitatu ndi kuphatikiza manambala osaphatikizika. Mukawonkhetsa a amuna, 24, 13, 15, 8 ndi 7, mupeza 67, ndipo mtima umafuna kunena kuti amuna 67% ankaopa umbanda. Ayi. Munthu mmodzi akhoza kuopa kuthyoleredwa nyumba n'kuopanso kuberedwa galimoto, ndiye mwamuwerenga kawiri. Kuphatikiza 24 ya amuna ndi 22 ya akazi kuti mupeze 46% ya anthu onse n'kolakwikanso, chifukwa 24 ndi gawo la amuna okha, 22 ndi gawo la akazi okha. Pa chifukwa chomwechi, *24% of those who feared online fraud were men* ndi bodza. Mawu otsatira *of* ayenera kukhala gulu limene peresentiyo inachokera: *24% of men*.

Kuti musaiwale, lembani pambali mwachidule zomwe nambala imodzi ikutanthauza, monga *% of men who said very worried*. Ziganizo zanu zonse zidzatsamira pamenepo.

Chachiwiri: pezani zikuluzikulu

Tsopano yang'anani tchati chonse osawerenga manambala, ngati muli chapatali. Mzati wautali koposa ndi uti? Waufupi koposa? Ndi pati pamene amuna ndi akazi atalikirana kwambiri, ndipo ndi pati pamene atsala pang'ono kufanana? Pali malo amene zinthu zatembenuka?

Pa tchati chathu, chinyengo cha pa intaneti chili pamwamba kwa onse, ndipo pomwepo m'pamene asiyana pang'ono zedi, 24 ndi 22. Kusiyana kwakukulu kuli pa kumenyedwa, 21 ndi 7, komanso pa achifwamba, 19 ndi 8. Akazi aposa amuna pa mitundu itatu, amuna aposa akazi pa iwiri.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiona chifukwa chosasanja. Tengani gulu lililonse palokha, musanje kuyambira pa nambala yaikulu. Akazi: intaneti, kumenyedwa, achifwamba, nyumba, galimoto. Amuna: intaneti, galimoto, nyumba, achifwamba, kumenyedwa. Mukachotsa intaneti, mndandanda wa amuna ndi womwewo wa akazi koma woyambira kumchira. Chimene akazi amaopa kwambiri n'chimene amuna amaopa pang'ono. Iyi ndiyo mfundo yokoma ya tchatichi, ndipo kuipeza kumangotenga masekondi 30. Chizolowezi chosanja chonchi chizikhalapo pa tchati chilichonse cha magulu awiri.

Mfundo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira. Mukapeza zisanu, ndiye kuti zina mwa izo si zikuluzikulu.

Chachitatu: chiganizo choyamba

Ndime yoyamba ndi chiganizo chimodzi chonenanso funso lija m'mawu anu. Mawu okopera ku funso wochonga sawawerengera, kotero mukakopera mzere wonse mwadzichepetsera nokha mawu. Sinthani zosinthika: *shows* akhale *compares* kapena *illustrates*, *the percentage of* akhale *the proportion of*, *different types* akhale *five types*. Chotsani *below*, popeza pansi pa yankho lanu palibe tchati. Onjezani *who said*, kuti zimveke kuti awa ndi mayankho a anthu.

Koma musapitirire muyeso. *Burglary* akhale *burglary*, *men* akhale *men*. Munthu akayamba kulemba *gentlemen and ladies* kapena *terrified of lawbreaking* pofuna kuthawa mawu a funso, amawononga tanthauzo. *Terrified* ndi mantha onjenjemeretsa, si zomwe anafunsidwa anthu aja. Chiganizochi musachitayire nthawi yoposa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Chachinayi: chithunzi chonse, overview

Apa ndi pamene pamalemera. Ochonga amagwiritsa ntchito miyeso inayi yofanana kulemera: Task Achievement, Coherence and Cohesion, Lexical Resource, ndi Grammatical Range and Accuracy. Pa muyeso woyambawo, woona ngati mwachita zomwe funso lafuna, kuti mufike pa 6 payenera kuoneka kuti mwayesa kupereka overview, ndipo pa 7 iyenera kukhala yomveka bwino, manambala atagawidwa m'magulu oyenera. Wongondandalika manambala popanda chithunzi chonse kawirikawiri amatsakamira pa 5.

Overview ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena mfundo zomwe mwapeza zija, popanda manambala. Yambani ndi *Overall*, kuti wochonga asachite kuifunafuna. Ikhoza kukhala pambuyo pa chiganizo choyamba kapena kumapeto, palibe lamulo loletsa. Ife timati ikani kumayambiriro, chifukwa nthawi ikakutherani ndi bwino kusiya nambala ya nyumba zothyoledwa kusiyana ndi kusiya overview.

Kuti mudziwe ngati yanu ili bwino, ganizirani munthu amene sanaone tchaticho. Atawerenga ziganizo ziwirizo zokha, angathe kunena kuti chachikulu n'chiyani? *Overall, there were differences between men and women* sikunena kanthu, chifukwa chiganizo chimenechi chingakwane pa tchati chilichonse cha amuna ndi akazi padziko lapansi. Chenjeraninso ndi kunena zokulirapo kuposa tchati. *Women were more worried than men about crime* n'zoona pa mitundu itatu yokha, pa intaneti ndi pa galimoto zatembenuka. Nenani *about three of the five types*, kapena tchulani mbali imene akazi aposa.

Chachisanu: ndime ziwiri za manambala

Musayende kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzati ndi mzati, chiganizo chilichonse chomangidwa mofanana. Kumeneko n'kuwerengera munthu tchati, si kufotokoza. Gawani m'magulu awiri molingana ndi mmene manambala akukhalira. Pa tchati chathu, ndime imodzi itenge umbanda wokhudza ndalama ndi katundu, pomwe amuna ndi akazi sanatalikirane: intaneti, galimoto, nyumba. Inayo itenge umbanda wokhudza thupi la munthu, pomwe kusiyana kuli kwakukulu: kumenyedwa ndi achifwamba.

Njira ina ndi kupatsa amuna ndime yawo, akazi yawo. Ndi yovomerezeka, koma imafooketsa kuyerekeza, chifukwa 7 ya amuna imakhala m'ndime ina, 21 ya akazi m'ndime ina, ndipo kunena kuti "katatu" kumafuna muchite kubwerera m'mbuyo. Funso lanena kuti *make comparisons*, ndiye sankhani kagawidwe kamene kaika manambala oyerekezeka m'chiganizo chimodzi.

Ngati manambala alipo khumi, mukhoza kuwatchula onse. Akakhala 30, sankhani: aakulu, aang'ono, osiyana kwambiri, ndi wina wosatsata anzake. Koma mtundu uliwonse wa umbanda utchulidwe ngakhale kamodzi, osausiyiratu.

Mneni akhale wa nthawi yakale, popeza chaka ndi 2018: *were*, *feared*, *reported*. Chiganizo choyamba chokha n'chimene chimakhala cha tsopano, *the chart compares*, chifukwa tchaticho chikadali pamaso panu. Ngati sanatchule chaka, lembani zonse mu nthawi ya tsopano.

Ndiye pali cholakwika china chochokera ku kuloweza. Ambiri amalowa m'mayeso ataloweza *increased sharply*, *fell gradually*, *reached a peak*, ndipo amafuna kuzigwiritsa ntchito zivute zitani. Tchatichi n'cha chaka chimodzi, palibe chimene chakwera kapena kutsika. Kulemba kuti *the figure rose from 13% for burglary to 15% for car theft* kuli ngati kunena kuti kuthyola nyumba kunasanduka kuba galimoto. Pano mufunika mawu oyerekezera: *higher than*, *the lowest*, *three times as many*, *compared with*, *whereas*.

Manambala m'Chingerezi

Kuchokera pa 10% kufika pa 15% pali *five percentage points*. Mukalemba *5% higher*, katswiri wa masamu atsutsa, chifukwa 15 ndi yaikulu kuposa 10 ndi theka lathunthu, ndiye kuti 50%. Zolowerani *percentage points* pamene mwachotsera peresenti ina pa inzake.

*Per cent* amatsatira nambala: *19 per cent*. *Percentage* amaima popanda nambala: *a high percentage of women*. Musalembe *the number of women was 19%*, chifukwa tchati sichinatiuze kuti akaziwo analipo angati, ndipo *the amount of women* n'kolakwika kulikonse, *amount* ndi wa zinthu zosawerengeka monga madzi ndi ndalama.

Kusinthasintha kanenedwe kumathandiza, bola kukhale kolondola. 24% ndi *just under a quarter*. 19% ndi 21% ndi *around one in five*. 10% ndi *one in ten*. 21 poyerekeza ndi 7 ndi *three times*, ndendende. 19 poyerekeza ndi 8 ndi *more than double*, osati *three times*. Koma 13% si *about 10%*, kumeneko n'kuchepetsa mwadala. Ngati mizati ilibe manambala pamwamba ndipo mukuchita kuyerekeza ndi mzere wa pambali, ikani *about*, *roughly* kapena *approximately*, ndipo musapeke zinthu ngati 13.4 pomwe maso anu sangathe kuona zimenezo.

Mawu a mantha ndi a umbanda

Aperekezi ake ndi oti mungowaloweza: *worried about*, *concerned about*, *anxious about*, koma *afraid of* ndi *fear of*. Mneni *fear* satenga mperekezi: *women feared being attacked*. Pambuyo pa *about* kapena *of*, mneni amatha ndi *-ing*, ndipo chifukwa oopawo ndi ochitiridwa, pamafunika *being*: *worried about being mugged*. Mukasiya *being* n'kulemba *worried about mugging people*, mwawasandutsa achifwamba.

Munthu amakhala *worried*, chinthu chimakhala *worrying*. *Women were more worrying than men* akutanthauza kuti akaziwo ndi amene ankadetsa nkhawa anthu ena. Ndipo *-ed* wa kumapeto, amene polankhula sitimumva kwenikweni, polemba amagwa mosavuta: *were concern about* m'malo mwa *were concerned about*.

Chingerezi chimasiyanitsa mitundu ya kuba mosamala. *Burglary* ndi kulowa m'nyumba kapena m'sitolo kukaba. *Theft* ndi kuba kwa mtundu uliwonse. *Robbery* ndi kulanda moopseza kapena mwa mphamvu, ndipo *mugging* ndi kulanda kotereku kochitikira pamsewu. Musasinthanitse pofuna kupewa kubwereza, chifukwa pa tchati ndi mizati yosiyana. Chinthu chimakhala *stolen*, munthu amakhala *robbed*, nyumba imakhala *burgled*. *Afraid of being stolen* ndi kuopa kuti munthuyo mwiniwake anyamulidwa.

Pa *the*, amene ambiri amativuta popeza Chichewa chilibe mawu otere, gwiritsitsani malo atatu. Amafunika pa *the percentage of*, *the figure for* ndi pa *the highest* kapena *the least*. Safunika pa dzina la umbanda wamba kapena gulu la anthu wamba: *fear of crime*, *worried about burglary*, *women were*.

Zifukwa ndi malangizo zisiyeni panja

Mutu wa umbanda aliyense ali nawo maganizo. Amene anathyoleredwapo nyumba, kapena amene amafulumira kufika pakhomo kusanade, dzanja limamuyabwa kuti alembe chifukwa chake akazi amaopa achifwamba, kuti vuto ndi ulova, kuti apolisi azilondera usiku ndipo boma liike magetsi m'misewu. Kusukulu ambiri tinazolowera kuti lipoti labwino limatha ndi malangizo. Pa Task 1 ayi. Muli ngati mboni m'khoti: nenani zimene mwaona, chigamulo si chanu. *Because*, *this may be due to*, *the government should* ndi *in my opinion* zikangoonekera, dziwani kuti mwatuluka m'tchati. Sizibweretsa malikisi, zimadya nthawi, ndipo zimawerengedwa ngati zosayenera pa yankho. Zisungireni Task 2. Mawu ngati *sadly* ndi *shockingly* nawonso ndi maganizo obisala.

Yankho lonse

*The bar chart compares the proportions of men and women in one European city who said they were very worried about five types of crime in 2018.*

*Overall, online fraud was the leading concern for both sexes, and it was also the area in which their views were closest. For the other four crimes, the rankings were reversed: women were most anxious about violent offences, whereas men's fears centred on property, particularly cars.*

*Just under a quarter of men, 24%, were very worried about online fraud, compared with 22% of women. Men also expressed more concern about car theft, at 15%, five percentage points above the figure for women, for whom this was the least worrying crime. Burglary produced a narrower gap in the opposite direction, with 16% of women and 13% of men reporting a high level of worry.*

*The largest differences appeared in violent crime. At 21%, the proportion of women who feared being physically attacked was three times that of men. Similarly, 19% of women were very worried about being mugged, more than double the 8% recorded for men. These two offences were the least common sources of anxiety among male respondents.*

Yankholi lapitirira 150 bwinobwino koma silinafike 200, ndipo utali umenewu ndi wokwanira. Onani kuti 10% ya akazi pa galimoto ndi 7% ya amuna pa kumenyedwa sizinalembedwe, koma wowerenga akhoza kuzipeza kuchokera pa *five percentage points* ndi *three times*. Palibe ndime yomaliza ya *in conclusion*, chifukwa overview yagwira kale ntchito imeneyo. Olumikiza ziganizo ndi ochepa, *also*, *whereas*, *similarly*, ndipo aliyense ali pamalo pake. Kuyamba chiganizo chilichonse ndi *Moreover* kapena *Furthermore* kumaonekeratu kuti n'zoloweza. Zonse zalembedwa m'ziganizo zathunthu, popeza mfundo zondandalika ndi timadontho siziloledwa.

Tchati chikabwera mwa mtundu wina

Ngati pansi pali zaka, monga 2000, 2005, 2010, ndiye kuti mawu okwera ndi kutsika aja apeza ntchito. Overview inene komwe zinthu zinalowera kuyambira chaka choyamba kufika chomaliza, ndiponso mtundu umene unali pamwamba nthawi yonseyo. Tchulani poyambira, pothera, ndi pamene mzere unakhota kapena kudutsana ndi unzake, osati chaka chilichonse. Kumbukirani kuti chimene chikutsika ndi nkhawa, osati umbanda: *concern about burglary fell*, osati *burglary fell*. Samalani ndi *by* ndi *to*: *fell by 5 points* ndi kuchuluka kwa kutsikako, *fell to 5%* ndi pamene chinafika.

Ngati magulu ndi a zaka zakubadwa, 16 mpaka 24, 25 mpaka 44 ndi kupitirira, mukhoza kunena *fear increased with age*, chifukwa magulu amenewa ali ndi ndondomeko yochokera kwa aang'ono kupita kwa aakulu. Koma musalembe ngati ndi anthu omwewo akukalamba. Ndi anthu osiyana ofunsidwa nthawi imodzi. Kalembedwe kake ndi *people aged 16 to 24*, *the 25–44 age group*, *those aged 65 and over*. Wa zaka 65 ali mu *65 and over* koma sali mu *over 65*, ndiye tsatirani zomwe zalembedwa pa tchati.

Nthawi zina amapereka matchati awiri, china cha oopa, china cha amene anachitiridwadi. Apa overview ikhudze onse awiri ndi kunena mmene akugwirizanira kapena kutsutsirana, kenako tchati chilichonse chitenge ndime yake. Mukhoza kunena kuti gulu loopa kwambiri silinali lochitiridwa kwambiri, ngati manambala akutero, koma chifukwa chake musachinene. Onaninso miyeso: china chikhoza kukhala cha maperesenti, chinzake cha milandu pa anthu 1,000 alionse, ndipo manambala oterewa sayerekezeka mwachindunji.

Mphindi zitatu zomaliza

Kagawidwe kabwino ka nthawi ndi aka: mphindi 3 kuwerenga, 2 kusanja ndi kugawa, 12 kulemba, 3 kuonanso. Poonanso yambani ndi manambala, chala pa tchati, nambala ndi nambala. Kusinthanitsa mzati wa amuna ndi wa akazi kumachitika kwambiri utoto wake ukakhala wofananako, ndiye bwererani pa kabokosi ka pa tchati kofotokoza utotowo mutsimikize. Kenako funsani chiganizo chilichonse ngati chikunena za mantha kapena chaterereka n'kuyamba kunena za umbanda. Pomaliza onani *-ed*, *-s* wa zambiri, *the*, ndi kalembedwe ka mawu atatu amene amalakwika kawirikawiri pa mutu umenewu: *burglary*, *percentage* ndi *women*, amene ambiri amamulemba *woman* akutanthauza akazi ambiri.

Pa kompyuta chiwerengero cha mawu chimaoneka pa sikirini. Olemba pamanja aziyeserera kunyumba mpaka adziwe kuti mzere wawo umodzi umatenga mawu angati, kuti asamataye nthawi kuwerenga liwu ndi liwu. Cholinga chikhale pakati pa 170 ndi 190. Poyeserera, tengani manambala a tchati chathuchi, muwasinthanitse, amuna akhale akazi kapena muonjezere chaka chachiwiri, n'kulembanso wotchi ili patebulo. Mphindi ya 20 ikakwana, siyani pomwe mwafikapo n'kupita ku Task 2, ngakhale ndime yomaliza itatsala ndi chiganizo chimodzi.